CD45 yakana pa chotupa cha m'nkhama koma tonsil yatenga, ndipange bwanji?

Mlongo wa IHC: Abale mutu waima, thandizeni msanga pa IHC (immunohistochemistry), stain ya ma antibody yoonetsa mtundu wa maselo, imene ikatenga pamatuluka bulauni. Biopsy ya m'nkhama, bambo wamkulu ndithu, HIV positive, ma ARV akuti ankamwa modumphadumpha, chotupa chafufuma mwa nthawi yochepa. Pa H&E, stain yoyamba ya masiku onse, maselo ndi akuluakulu, athithikana malo onse, ma nucleolus akuonekera patali, ma mitosis ali mbwee. Aliyense wosuzumira pa microscope akuti imeneyi ndi lymphoma. Ndaika panel yathu ya masiku onse, CD45 (ya maselo oyera a m'magazi), CD20 (ya ma B cell), CD3 (ya ma T cell) ndi AE1/AE3 (ya epithelium ndi carcinoma). Zonse zatuluka mbee. Ngakhale CD45 yomwe, imene siikana wamba. Koma control ya tonsil, kachidutswa koyesera ngati stain ikugwira, yatenga bulauni wake bwinobwino. Ndadula section zina nkubwereza, chimodzimodzi. Antibody ndi cocktail ija ya 2B11 ndi PD7/26, retrieval (kuphika section kuti ma antigen atseguke) ndi citrate pH 6 mu pressure cooker, DAB (mankhwala otulutsa bulauni) ndasakaniza lero lomwe. A ku oncology foni siikuzizira, akufuna report kuti ayambe chemo. Pathologist wathu ali pa ulendo, wangolemba kuti "bwerezani". Ndibwereze chiyaninso? Antibody yatsala yapansi pa botolo, order yatsopano kaya ifika liti.

Madala wa Microtome: Vuto ndi formalin, mankhwala osungira nyama aja. Yachokera kuti sample imeneyo, achemwali?

Mlongo wa IHC: Ku district, Madala. Pa form sanalembe tsiku limene anaidula.

Madala wa Microtome: Basitu, yankho mwalipeza nokha. Sample ya ku district imadikira galimoto, galimoto imadikira mafuta. Ikamafika kwa inu yakhala mu formalin masabata, nyama yauma gwa, ma protein amangana. Ndiye formalin wakenso ndi uti? Ine ndinalandirapo breast yathunthu itapanikizidwa m'kabotolo ka mayonesi, timadzi tili pansi pokha, kunja kwapsa, mkati mwawola. Ndinalandiraponso mwanabele ali mu spirit, namwino akuti formalin anatha ndiye anaona kuti spirit ndi mankhwala omwewo. Ambiri amangosungunula formaldehyde ndi madzi a pa mpopi, buffer osaikamo. Musataye antibody yanu, auzeni adulenso biopsy, muwatumizire formalin wanu.

Mnyamata wa Grossing: Pa nsagwada pamenepo si Burkitt?

Dokotala wa Patho: Burkitt ikadatenga CD20 mwamphamvu, sibisala. Maselo ake ndi apakatikati, ofananafanana, ndipo ya m'nsagwada ija timaiona kwambiri mwa ana. Achemwali, musanakhudzenso botolo lililonse bwererani ku slide ya CD45. Siyani pakati pa chotupa, pitani m'mphepete, mozungulira timitsempha ta magazi ndi pansi pa chilonda. Kuli tima lymphocyte tating'ono? Tatenga kapena ayi? Tonsil yanu ikungokuuzani kuti ma reagent ali moyo. Inafikisidwa mu labu yanu, ndi formalin wanu, maola oyenera. Za nyama imene yachokera ku district sikuzidziwa.

Mlongo wa IHC: Dikirani ndione.

Mlongo wa IHC: Tilipo, Dok. Tating'onoting'ono mozungulira mitsempha, tatenga, membrane yazungulira bwino ngati mmene zimakhalira pa tonsil. Ma macrophage ena pakati pa chotupa atenganso. Maselo akuluakuluwo ndiwo ayi, mwina amodziamodzi ali ndi kamthunzi kosaoneka bwino.

Dokotala wa Patho: Ndiye stain yanu yagwira ntchito, negative imeneyo ndi ya chotupacho. Munthu wa HIV, chotupa cha m'kamwa, maselo akuluakulu, CD20 palibe, CD45 yofooka kapena palibiretu: choyamba kubwera m'mutu mwanga ndi plasmablastic lymphoma. Delecluse ndi anzake anaifotokoza mu 1997, ndipo anaipeza m'kamwa momwemo mwa odwala HIV. Ndi B cell imene yapita kale patali pa njira yosanduka plasma cell, ndiye yavula CD20 ndi PAX5, CD45 nayo imatsika kapena kuzimiratu. Imene imatenga ndi CD138, CD38, MUM1, Ki-67, yoonetsa maselo amene akugawikana, imakwera kupitirira 90%, ndipo zambiri zimakhala ndi kachilombo ka EBV, stain yake ya EBER imayaka. Chimene ndikuopa ndi chakuti wina alembe "CD45 negative, si lymphoma". Anthu timazolowera kuti CD45 ndi mlonda wa pa geti, ikakana ndiye tipite ku carcinoma kapena sarcoma. Si choncho. Maselo a Reed-Sternberg mu classic Hodgkin satenga CD45. Anaplastic large cell ina siitenga. Lymphoblastic yambiri imatenga mofooka kapena ayi. Myeloma chimodzimodzi. Komanso musalumphire mbali inayo. AE1/AE3 yakana, inde, koma melanoma ya m'kamwa yopanda utoto imaoneka chonchi, ifunika S100 kapena SOX10. Ine slide sindinaione, musanditchule pa report.

Madala wa Microtome: Dok, ndi ulemu wonse, internal control imeneyo, tima lymphocyte ta m'nyama momwemo, ikunamizani. Ka lymphocyte kakang'ono kali ndi CD45 yochuluka zedi, kamatenga ngakhale nyama itaphikidwa. Selo imene ili ndi yochepa ndiyo imayamba kuzima formalin akakhala woipa. Kamthunzi akunena achemwaliwa mwina ndi positive weniweni amene formalin wamudya.

Dokotala wa Patho: Pamenepo muli ndi mfundo, Madala, sindikana. Nchifukwa chake pa control block pamafunika kachidutswa ka chiwindi pambali pa tonsil. Ma Kupffer cell, ma macrophage a m'chiwindi, ali ndi CD45 yochepa, akatenga ndiye kuti njira yanu ikugwira ngakhale zofooka. Koma ma macrophage a m'chotupachi atenga, ndipo iwo si olemera CD45 ngati ma lymphocyte. Ikhale negative kapena yofooka, zonse zikuloza kumodzi.

Madala wa Microtome: Zikuloza ku formalin.

Wa Stores: Achemwali, tawerengani kaye label ya botolo ndi maso anu, osati bokosi. Pa labu ina imene ndinkagwira tinaitanitsa CD45, supplier anabweretsa UCHL1, pa invoice atalemba CD45 bwinobwino. UCHL1 ndi CD45RO, mtundu umodzi chabe wa CD45. Pa tonsil inkatenga ndithu, munthu wothamanga nkuti control yadutsa. Amene anazindikira ndi mayi wina wa maso akuthwa, anati bwanji bulauni ali pakati pa ma follicle pokha, mantle zone ili mbee, mu germinal centre muli timadontho towerengeka? Inkangotenga ma T cell. Ma B cell lymphoma onse a nthawi imeneyo anayenera kubwerezedwa, supplier mpaka lero akuti CD45 ndi CD45 basi.

Mlongo wa IHC: Label ndi 2B11 ndi PD7/26, ndaona. Pa tonsil ma follicle atenga, mantle yatenga, pakati pake patenganso. Squamous epithelium yokha ndiyo yayera.

Wa Stores: Chabwino. Expiry? Firiji yanu siinazimepo?

Mlongo wa IHC: Kwathu kuno firiji yosazimapo ilipo? Koma logi ikuonetsa madigiri 2 mpaka 8, jenereta imalowa.

Wa MSc ku Joni: Ndiloleni ndiponyepo za jini, chifukwa nkhani ya RO ndi RA imasokoneza anthu ambiri. Zonsezo ndi jini imodzi, PTPRC, pa mkono wautali wa chromosome 1. Kusiyana kumabwera pa splicing ya exon 4, 5 ndi 6, zimene timazitcha A, B ndi C. Naive T cell imasunga exon A, ndiye CD45RA. Ikakumana ndi antigen nkusanduka memory imataya zonse zitatu, ndiye CD45RO, yaifupi kuposa zonse, pafupifupi 180 kDa pamene yaitali imapitirira 200. PD7/26 imagwira mitundu yokhala ndi exon B, 2B11 ndiyo imagwira mbali imene ili pa mitundu yonse, nchifukwa chake amazisakaniza m'botolo limodzi. Ife pa bench timaiona ngati chizindikiro chabe cha maselo oyera, koma iyo ndi enzyme, tyrosine phosphatase. Mkati mwa selo ili ndi ma domain awiri, loyamba ndilo limagwira ntchito yochotsa phosphate. Pa T cell imachotsa phosphate ya pa tyrosine 505 ya Lck, enzyme yoyambitsa signal, phosphate imene enzyme ina, Csk, imaikapo kuti Lck ikhale chete. Zili ngati kumasula handibuleki, galimoto siinanyamuke koma tsopano ikhoza kunyamuka receptor ikalamula. Pa B cell imachita zofanana ndi Lyn. Ana obadwa ndi PTPRC yowonongeka makope onse awiri amadwala SCID, matenda obadwa nawo osowa chitetezo cha m'thupi, ma T cell amakhala ochepetsetsa. Za kuti CD45 ndi phosphatase zinadziwika mu 1988 ku University of Washington, Seattle. Tonks atatulutsa phosphatase ina, PTP1B, mu placenta ya munthu, iye ndi Charbonneau, Walsh ndi Fischer anaona kuti ikufanana ndi mbali ya mkati ya CD45. Fischer yemweyo amene analandira Nobel mu 1992 limodzi ndi Krebs.

Mnyamata wa Grossing: Aise, thesis ikupweteka eti? Mlongoyu akufuna report, iwe ukumupatsa Nobel.

Wa MSc ku Joni: Mfundo yanga ndi yakuti si nambala ya galimoto yoti selo iliyonse ya m'magazi iyende nayo mpaka kufa. Ndi chida cha signalling ya antigen receptor. Plasma cell yasiya kumvera receptor, ntchito yake ndi kutulutsa antibody, ndiye sizodabwitsa kuti CD45 imatsika. Ma red cell ndi ma platelet alibiretu.

Wa Flow: Ife a flow cytometry, makina owerenga maselo limodzilimodzi, zimenezi sizitidabwitsa nkomwe. Pa plot ya CD45 ndi side scatter ma lymphocyte amakhala owala kumapeto, ma monocyte pamwamba pake pang'ono, ma granulocyte mmwamba, ma blast, maselo osakhwima, amagwera m'dzenje lija la dim. B-ALL, khansa ya m'magazi ya ma B cell osakhwima, mwa ana ina imagwera ku negative kwenikweni, limodzi ndi zinyalala ndi ma red cell osasweka bwino. Ndinaonapo marrow ya mwana, wina ataika gate pa CD45 positive zokha kuti plot ioneke yoyera. Ma blast onse anawataya kunja, zotsala zinali ma T cell abwinobwino, report nkutuluka kuti palibe chachilendo. Mwayi wake wa pa haematology anali ataona smear, anabwera nayo m'manja akutukutira. Paja ngakhale njira yowerengera CD4 ya PLG (panleucogating) imene a Debbie Glencross anayambitsa ku Johannesburg imadalira CD45 yomweyi, umazinga maselo oyera onse kenako nkuwerenga CD4 mkati mwake, CD3 osaifuna. Inatsitsa mtengo wa CD4 kwambiri ku South Africa.

Wa Flow: Achemwali, palibe ka sample ka fresh? Pa flow CD38 ndi CD138 tikadaona lero lomwe.

Mlongo wa IHC: Palibe, zonse zinabwera mu formalin.

Madala wa Microtome: Mu chimene akuchitcha formalin. Mwayeza pH ya madzi a m'botolo limene inabweramo? Kapepala ka pH kokha, si ndalama.

Mlongo wa IHC: Botolo linatayidwa pa grossing, Madala.

Mnyamata wa Grossing: Musandiyang'ane ine, ndili labu ina.

Madala wa Microtome: Ndi zimenezotu. Umboni mwataya, ndiye mukuweruza mlandu ndi mboni imodzi. Formalin wolondola si wovuta: 100 ml ya formaldehyde wa 37 mpaka 40%, madzi 900 ml, sodium dihydrogen phosphate 4 g, disodium hydrogen phosphate 6.5 g, pH ifike pa 7. Mankhwala achuluke kakhumi kuposa nyama. Ndakhala ndikunena kuti tizisakaniza tokha nkumatumiza m'ma district m'mabotolo olembedwa kale, pa label pakhale malo a tsiku ndi ola. Aliyense amavomera pa msonkhano, tikamwa tiyi zathera pomwepo.

Mayi a QA: Ine nkhawa yanga ndi block, nyama ya mu sera imene mukudulapo ma section. Biopsy ya m'nkhama imakhala kanthu kakang'ono. Mwadula H&E, mwadula panel, mwabwereza, ndipo nthawi iliyonse mukaibweza pa microtome mumayamba mwaisenga kuti ilingane. Mukabwerezanso CD45 mutsala ndi sera yokhayokha, pamene ma stain ofunikawo simunapange. Chonde block imeneyo isakhudzidwenso mpaka mutadziwa kumene ikupita. Ngati kumene muitumize akufuna ma unstained, dulani ulendo umodzi pa ma charged slide, ndipo asakhalitse pa shelefu, section yodulidwa kale imataya antigen, makamaka nyengo yotentha ino. Bola kutumiza block yeniyeniyo, mulembe m'buku kuti yatuluka.

Mlongo wa IHC: Yatsala yopyapyala kale, Mayi. CD138 ndi MUM1 tilibe. Ki-67 ilipo pang'ono, S100 inatha ntchito chaka chatha koma ili m'firiji. EBER musanene nkomwe.

Mayi a QA: S100 yotha ntchito ikatuluka negative mudzaikhulupirira? Ngati mukuigwiritsa ntchito, control ikhale pa slide yomweyo, osati ina, ndipo zilembedwe. Ndipo chithunzi mukafuna kuponya muno dulani label, tsiku lija wina anaponya slide dzina la wodwala likuwerengeka.

Wa ku Zomba: Ine ndikanayesa Tris-EDTA pH 9. Ma sample okhalitsa mu formalin amatseguka bwino ndi pH yokwera kuposa citrate.

Mayi a QA: Pa nyama ya m'kamwa yaing'ono chonchi pH 9 mu pressure cooker ikhoza kuyalula section, mukatsegula mupeza ikuyandama. Ndiye kusintha retrieval pa case ya wodwala popanda validation, mukalemba chiyani pa worksheet?

Wa ku Zomba: Validation ndi antibody iti, Mayi, poti akuti yatsala madontho?

Madala wa Microtome: pH 9 imathandiza nyama yokhalitsa mu formalin wabwino. Nyama imene inagona mu asidi kapena inayamba yawola musanaifikise, ngakhale muiphike tsiku lonse sibwerera. Munali fupa mu biopsy imeneyo? Inalowa mu decal, mankhwala ofewetsa fupa?

Mlongo wa IHC: Ayi, inali yofewa, sinalowe mu decal.

Madala wa Microtome: Bola. Nitric acid ija anyamata amaikonda chifukwa chofulumira imapha ma antigen kuposa china chilichonse. Trephine, biopsy ya fupa ndi marrow, ikalowa mmenemo IHC muiwale. Komabe formalin sitinamuchotse pa mlandu.

Wa ku Zomba: Kunena za formalin wa asidi, chenjeraninso ndi mbali inayo, positive wabodza. Nyama ya magazi ambiri ikakhala mu formalin wopanda buffer pamatuluka timiyala takuda tofiirira, formalin pigment. Kuno kwathu onjezanipo pigment ya malungo, haemozoin, imene imadzaza ma macrophage a mu kapamba, chiwindi ndi placenta. Pa x10 zonsezi zimaoneka ngati DAB. Wophunzira wina anatiitana mosangalala kuti stain yake yoyamba yatheka, kapamba yense ali bulauni. Titaika negative control, imene sinaone primary antibody nkomwe, bulauni ali pompo. CD45 yeniyeni imazungulira selo ngati mzere wa pensulo, si timiyala tomwazika. Alcoholic picric acid imachotsa pigment zimenezi, koma muichite musanayambe stain. Kamthunzi mukunenako, achemwali, kali pa membrane kapena kangoti waa mu cytoplasm?

Mlongo wa IHC: Sindingalumbire. Ndikasintha focus kakuoneka, ndikasinthanso kathawa.

Dokotala wa Patho: Kotero musakawerengere. Chimene ndingapange ine nditakhala pamenepo: Ki-67 pa section imodzi yokha, block ipite kumene kuli CD138, MUM1, CD30 ndi EBER, ALK ndi HHV8 ngati alinazo. Pathologist wanu muimbireni, osati meseji, mumuuze kuti internal control yatenga. Akhoza kutulutsa provisional yonena kuti ndi khansa ya maselo akuluakulu yokula msanga, plasmablastic lymphoma ikuganiziridwa, ma stain ena akudikirika. Inu musauze a ku wodi matenda pa foni, ngakhale akukakamizeni bwanji. Mawu a pa foni amakalowa mu file ngati report. Ndipo kusiyana kwake si kwa pa pepala pokha. Ngati CD20 palibe, rituximab ilibe pogwira, angowononga mankhwala odula amene wodwala wina akuwadikira. Ikakhala melanoma kapena carcinoma ndiye njira yake ndi ina kotheratu. Muwakumbutse za viral load, CD4 ndi kubwezeretsa ma ARV, zimenezo siziyenera kudikira ife.

Wa Stores: Wina asaiwale za buffer. Ngati mu wash buffer kapena momwe mwasungunulira polymer muli sodium azide, HRP, enzyme yosandutsa DAB kukhala bulauni, imafa. Tinalandirapo PBS ya ku serology yokhala ndi azide.

Wa ku Zomba: Ikadafa tonsil sikadatenga, akulu.

Wa Stores: Zoona. Ndangoti ndinene, ena akuwerenga mwakachetechete.

Wa MSc ku Joni: Kuno plasmablastic saidabwa nayo, imabwera kawirikawiri, m'kamwa, m'mphuno, kumatako. Panel yawo ya chotupa chotere mwa munthu wa HIV imakhala ndi CD138 ndi MUM1 kuyambira pachiyambi. Kwathu timagula CD45, CD20 ndi CD3 ngati kuti odwala athu ndi a m'buku la ku Ulaya. Pa order yotsatira menyerani MUM1, kabotolo kamodzi kamakhalitsa.

Mnyamata wa Grossing: Order yotsatira, akutero a ku Joni. Ife ma cassette tikutsuka akale.

Madala wa Microtome: Mugule MUM1, mugule CD138, mugule makina a automatic ngati mukufuna. Mukaika pa nyama ya mu formalin wa pa mpopi mudzabweranso muno kudzalira kuti MUM1 yakana. Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Achemwali, imbani ku district mufunse amene anadula kuti anaidula liti, anaiika mu chiyani, ndipo ngati wodwala akadali pafupi adulenso kena. M'kamwa si m'mimba, safunika theatre yaikulu.

Mayi a QA: Kudulanso si nkhani yopepuka choncho, Madala. Zotupa zimenezi zimachucha magazi, ndipo munthu wabwerera kumudzi mumupeza bwanji? Block ilipo, iyambe yagwira ntchito.

Madala wa Microtome: Block ya formalin wosadziwika.

Mlongo wa IHC: Zikomo nonse. Ndaika Ki-67, ndikusaka pathologist pa foni sakuyankha. Alipo ali ndi CD138 kapena MUM1 yoti tingatumize block, kapena kutigawirako ma microlitre ochepa? Ndibweza order ikafika.

Wa ku Zomba: CD138 tinali nayo, ndikaone m'firiji mawa ngati ikadali ndi moyo. Chenjezo lokha, CD138 imatenganso epithelium ndi ma carcinoma ambiri, payokha musaigonere. Squamous ya pamwamba pa biopsy yanuyo itenga, ikhala internal control yanu.

Wa Flow: Poti a Stores muli pompano, sheath fluid mukuipeza kuti masiku ano? Yathu yatsala chigubu chimodzi.

Wa Stores: Ndiimbireni, muno ayi.

Mnyamata wa Grossing: Inenso ma blade a low profile, alipo angasinthane ndi high profile? Anatibweretsera osalowa pa holder yathu, mabokosi ali phwii mu kabati.

Madala wa Microtome: Ndili nawo mabokosi awiri, tumizani munthu Lachisanu. Achemwali a IHC, ku district kuja mwaimba?